Kavalo akamatulutsa lilime mukamukwera: momwe mungapezere chikumuvuta

Kavalo amene m'kamwa mwake muli bwino amayenda atatseka pakamwa, lilime lili phee pansi pa kachitsulo ka m'kamwa komangirirako zingwe zomuwongolera, mwina n'kumatafuna pang'onopang'ono kathovu kali m'milomo. Akayamba kulitulutsira kumbali, kulikokera kukhosi kapena kulikweza pamwamba pa kachitsulo, ndiye kuti akulithawitsa ku chinthu chimene chikulipanikiza. Okwera ambiri amathamangira kumangitsa lamba wa pamphuno kuti pakamwa patsekeke. Lilime limabisikadi, koma ululu umatsala momwemo n'kukatulukira kwina: kavalo amayamba kupukusa mutu, kuumitsa khosi kapena kukana kupita patsogolo. Fufuzani motsatira ndondomeko iyi, ndipo muzisintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi, kuti chikathandiza mudziwe kuti ndi chiti.

1. Onani nthawi imene lilime limatuluka

Wokwera saliona lilime. Pemphani wina akujambuleni vidiyo kuchokera kutsogolo ndi kumbali zonse ziwiri. Mujambuleni kavaloyo ali m'khola, atavala zingwe za kumutu ndi kachitsulo koma wopanda womukwera, mutamukwera zingwe zili lende, ndiponso mutazigwira kuti zikungike.

Likamatuluka mukangomuveka kachitsulo, vuto lili m'kamwa kapena pa kachitsuloko. Likamadikira kuti mukunge zingwe, yang'anani manja anu. Likamatulukira mbali imodzimodzi nthawi zonse, kawirikawiri pali dzino lakuthwa, chilonda kapena dzanja limodzi lolemera. Onaninso mtundu wake. Lilime labwino ndi lapinki. Likasanduka labuluu kapena lapepo, magazi sakuyenda bwino chifukwa lapanikizika, ndipo muyenera kumasula pompo.

Lilime lolendewera ngakhale m'khola, kavalo akugwetsa chakudya, akulephera kulibweza kapena kumeza, ndi nkhani ina. Zikhoza kukhala mitsempha yovulala kapena matenda ngati botulism, ofooketsa minofu chifukwa cha poizoni wa tizilombo. Itanani dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

2. Yambani ndi mano musanagule kachitsulo kena

Mano a kavalo amatulukabe m'nkhama pafupifupi moyo wake wonse, mamilimita 2 kapena 3 pachaka, ndipo amaperepeseka akamatafuna. Nsagwada ya kumwamba ndi yotambalala kuposa ya kumunsi, choncho saperepeseka mofanana. Mano otafunira a kumwamba amathwa mbali ya kutsaya, a kumunsi amathwa mbali ya kulilime. Kachitsulo kakakankhira lilime pa nsonga zimenezi, kavalo amalichotsapo.

Palinso timano ting'onoting'ono totchedwa wolf teeth, timene timamera kutsogolo kwenikweni kwa mano otafunira, makamaka kumwamba, pamene kachitsulo kamagunda. Tina sitituluka n'komwe, timangokhala ngati kachotupa kolimba pansi pa nkhama, ndipo tobisika timeneti timapweteka kwambiri. Dokotala akatizula, kavalo apume kachitsulo sabata imodzi kapena ziwiri mpaka bala litapola.

Inu nokha mungaone kutsogolo kokha. Tukulani milomo, onani m'makona mwake ngati mwang'ambika. Kenako pitani pa mpata wopanda mano, pakati pa mano akutsogolo ndi otafunira, pamene pamakhala kachitsulo. Dinikizani nkhama za kumunsi ndi chala chachikulu. Pamenepa fupa ndi lopyapyala ndipo nyama yolikuta ndi yochepa, choncho akadzidzimuka, kapena mukamva potupa, pali bala. Onaninso ngati lilime lili ndi chipsera chopingasa cha bala lakale. Musalowetse dzanja mkati, ndipo musalikoke lilime mwamphamvu, chifukwa tsinde lake linagwira pa timafupa tosalimba ta kukhosi.

Kumbuyoko ndi ntchito ya dokotala, amene amatsegula kukamwa ndi chitsulo chake, kuunika ndi tochi ndi kupala nsongazo. Kavalo wamkulu aonedwe kamodzi pachaka. Wa zaka zapakati pa 2 ndi theka ndi 5 akugulula mano a ubwana, ndiye aonedwe miyezi 6 iliyonse. Pa msinkhu umenewu kusewera ndi lilime n'kofala, ndipo nthawi zambiri kumatha mano akakhazikika.

3. Yezani kachitsulo

M'lifupi: pingasani kamtengo kosalala m'kamwa pamene pamakhala kachitsulo, lembani chizindikiro pa mlomo mbali zonse, muyeze. Akavalo ambiri apakatikati amavala masentimita 12.5 kapena 13.5. Ngati mphete za m'mbali ndi zozungulira momasuka, siyani mamilimita 5 mbali iliyonse kuti zisatsine milomo. Ngati ndi zosazungulira, monga za eggbutt, zingokhudza milomo osaifinya. Kachitsulo kotalika mopitirira kamatsetserekera uku ndi uku, ndipo polumikizira pake pamakanda lilime.

Kunenepa: pali chikhulupiriro chakuti kachitsulo konenepa ndiye kofatsa. Si nthawi zonse. Kavalo atatseka pakamwa wopanda kachitsulo, tukulani mlomo cham'mbali. Mukaona lilime likutumphukira kunja pa mpata uja, ndiye kuti ndi lalikulu ndipo m'kamwa mulibe malo. Kachitsulo ka mamilimita 18 kapena 20 m'kamwa motere kamangolipsinja lilimelo. Ambiri amakhala bwino ndi ka mamilimita 14 mpaka 16. Kowonda kwambiri nakonso kamacheka.

Pokhala pake: pakona ya mlomo pakhale kakhwinya kamodzi kapena tiwiri. Kachitsulo kakatsika kwambiri, kavalo amakweza lilime pamwamba pake mosavuta, ndipo mwa akavalo amphongo kamagunda mano osongoka amene amamera kumbuyo kwa mano akutsogolo. Kakakwera kwambiri, kamakoka milomo ngakhale musanagwire zingwe. Sunthani bowo limodzi lokha pa malamba a patsaya ogwira kachitsulo, mofanana mbali zonse.

Kapangidwe: kolumikiza pamodzi pakati kamapindika ngati chigongono mukakoka, n'kufinya lilime m'mbali, ndipo nsonga yake ingagunde kumwamba kwa m'kamwa. Kolumikiza pawiri, kokhala ndi kachidutswa pakati, kamagona bwino, komabe mphamvu yambiri kamaiika pa lilime lomwelo. Kavalo amene lilime lake silifuna kukhudzidwa nthawi zambiri amakhazikika ndi kachitsulo kokhota m'mwamba pakati, kamene kamalisiyira malo. Kalikonse kamene mukuyesa kapatseni sabata imodzi kapena ziwiri, pokhapokha ngati akukakana moonekeratu.

Musaiwale kukasisita ndi chala. Polumikizira pakatha pamathwa, ndipo ka labala kapena pulasitiki kakatafunidwa kamakhakhala. Onaninso kuti simunakaveke chozondoka: kukhota kwa mikono yake kutsatire msana wa lilime.

4. Masulani lamba wa pamphuno

Kavalo ayenera kusuntha nsagwada ndi lilime kuti ameze malovu. Lamba akhale zala ziwiri kumunsi kwa fupa la tsaya, ndipo zala ziwiri zilowe pakati pa lambayo ndi fupa la pamwamba pa mphuno. Kuyezera m'mbali kapena kunsi kwa chibwano kumanamiza, chifukwa kumeneko nyama ndi yofewa. Kavalo amapumira m'mphuno mokha, choncho lamba wotsika kwambiri amamubanikitsa. Bungwe loyendetsa mipikisano ya akavalo padziko lonse la FEI linayamba mu 2025 kuyeza malambawa ndi kachipangizo kolowetsa pamwamba pa mphuno pomwepo.

5. Manja a wokwera

Apa ndi pamene anthu safuna kumva, koma pamapezeka mavuto ambiri. Kuchokera pa chigongono chanu, kudutsa pa dzanja mpaka pa kachitsulo, pakhale mzere wowongoka. Manja otsikira pansi amakanikizira kachitsulo pa lilime ndi pa nkhama. Kukoka mosinthanasinthana kumanzere ndi kumanja kumalipweteka kwambiri, chimodzimodzinso kugwirira zingwe kuti musagwe kavalo akamathamanga. Mutu ukakokeredwa pachifuwa, kukhosi kumapanikizika ndipo lilime limasowa kolowera.

Njira yodziwira ndi yapafupi: mupatseni wokwera wodziwa, wa manja ofewa, kapena mukwereni m'bwalo lotchinga ndi zingwe zopanda kachitsulo. Lilime likabwerera m'kamwa, mwapeza poyambira.

Pomuphunzitsanso, yambani ataima. Fumbatani pang'ono chingwe chimodzi, dikirani osawonjezera mphamvu, ndipo akangofewetsa nsagwada masulani nthawi yomweyo. Kumasulako ndiye kumamuphunzitsa, ndipo mukachedwa nako sadziwa chimene wachita bwino. Zikatheka ataima, chitani akuyenda, kenako posintha liwiro, mukumuyendetsa ndi miyendo ndi thupi kuposa manja. Mphindi 10 kapena 15 zokhazikika zimaposa ola lathunthu lolimbana.

6. Thupi lonse

Ululu wa kumsana, kukhosi kapena kumiyendo umaonekeranso m'kamwa. Dokotala wa akavalo wa ku Britain, Sue Dyson, anaika kutulutsa lilime pa mndandanda wa zizindikiro 24 za kavalo wokweredwa akumva ululu, ndipo zikaoneka 8 kapena kuposa pamakhala chifukwa chokwanira chomuyezera. Ngati pamodzi ndi lilimelo akukupiza mchira, kugonetsa makutu kumbuyo, kupunthwa kapena kupendeketsa mutu, yezetsani miyendo ndi msana, ndipo chishalo chionedwe ngati chikumukwana.

7. Zonse zili bwino koma lilime likutulukabe

Akavalo ena, makamaka amene anachita mijaha kapena anapwetekedwa m'kamwa kale, amapitiriza ngakhale ululu utatha. Chasanduka chizolowezi, ndipo kuchichepetsa kumatenga miyezi. Musamenye lilime kapena kulikankhira mkati, chifukwa kavalo amangoyamba kuopa dzanja lanu. Kulimangirira ku nsagwada, komwe kumachitika m'mijaha ina, FEI imakuletsa. Mu mpikisano wa dressage, woonetsa mayendedwe amene kavalo waphunzitsidwa, oweruza amachotsa mamalikisi lilime likaonekera, koma kavalo wongokwera poyenda, amene dokotala wamuona ndipo akuyenda momasuka, mungamusiye choncho kapena kumukwera wopanda kachitsulo.

Lilime likakwera pamwamba pa kachitsulo muli paulendo, musalimbane nalo muli pamsana. Pamenepo kachitsulo kagona pa nkhama zokhazokha, ndipo kavalo angadzuke ndi miyendo yakutsogolo kapena kuthawa nanu. Imani, tsikani, masulani lamba wa patsaya mbali imodzi, mulole abweze lilime pansi, kenako mangani bowo limodzi pamwamba pa pamene panali, mbali zonse ziwiri.