Perl ikati fayilo palibe, musafulumire kukhulupirira

Script ndi yomweyo, mzere wa `-e $njira`, woyeza ngati fayilo ilipo, ndi womwewo, koma pa Linux ikunena zina, pa macOS zina, pa Windows zinanso. Chisokonezochi chimayamba pamene tiwerenga yankho ngati inde kapena ayi basi. Zoyezera fayilo monga `-f`, `-d`, `-r` ndi `-x` zimayankha patatu: 1 ngati n'zoona, mawu opanda kanthu ngati fayilo ilipo koma siili monga mwafunsira, ndi `undef` ngati Perl yalephera n'komwe kuiona. Ikalephera chonchi, chifukwa chake chimakhala mu `$!`.

Choyamba, sungani `$!` pomwepo. Mukaikapo `print` kapena `open` pakati, ikhoza kusintha. Komanso Perl siifufuta `$!` zinthu zikayenda bwino, ndiye mukaiwerenga yankho lisali `undef`, mudzapeza vuto lakale losakhudzana ndi fayilo yanu.

```perl
use Errno qw(ENOENT);
my $ilipo = -e $njira;
my $vuto  = $! + 0;
if (!defined $ilipo && $vuto != ENOENT) {
    die "Sindikutha kuona $njira: errno $vuto\n";
}
```

Nambala ya vuto (errno) iliyonse mu `$!` ili ndi dzina lake, ndipo ENOENT ndiyo ikutanthauza kuti palibe. Mukaona EACCES, fayilo ikhoza kukhalapo, kungoti foda ina m'njiramo ilibe chilolezo cha x kwa amene akuyendetsa script. N'chifukwa chake script imayenda bwino mukaiyesa ngati root, mwini mphamvu zonse pa makina, kenaka n'kukanika pa cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, ikaiyendetsa ngati munthu wina. ENOTDIR ikutanthauza kuti chimene mwachiyesa foda pakati pa njira ndi fayilo wamba.

Yerekezani ndi maina, osati manambala. ENOENT ndi 2, EACCES ndi 13, ENOTDIR ndi 20 pa Linux ndi pa macOS pomwe, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. ELOOP ndi 40 pa Linux ya x86 koma 62 pa macOS. ENAMETOOLONG ndi 36 pa Linux, 63 pa macOS. Kufufuza mawu akuti "No such file or directory" n'koipa koposa, pakuti Perl 5.22 isanatuluke mu 2015 uthengawu unkatha kubwera m'chilankhulo cha locale ya makinawo.

Kenaka onani kuti Perl yake ndi iti. Lembani `perl -v` pa makina onse, ndipo mu log muziikamo `$]` (nambala ya Perl yanu) ndi `$^O` (mtundu wa makina). Kusanjikiza zoyezera, monga `-f -r $njira`, kunayamba ndi 5.10; pa yakale lembani `-f $njira && -r _`. Malire enieni ndi 5.28 ya 2018. Kuyambira pamenepo dzina lokhala ndi `\0` mkati limakanidwa monga mmene `open` imakanira, filehandle yotsekedwa imasiya `$!` yodalirika, ndipo `-k`, yoyeza chilolezo cha Unix chotchedwa sticky bit, pa Windows imayamba yaona ngati fayilo ilipo isanayankhe kuti ayi. Pa Windows pomwepo `lstat` ndi `symlink` zinabwera ndi 5.34 mu 2021, choncho `-l`, yoyeza ngati dzina ndi symlink (fayilo yongoloza ku fayilo ina), pa Perl yakale ya kumeneko musaidalire.

Symlink yoduka imasokonezanso: `-e` imatsata kumene ikuloza n'kupeza ENOENT, pamene `-l` ikuti ilipo. Yesani `-l` poyamba ngati mukufuna kulenga fayilo pa dzina limenelo.

Nthawi zina vuto ndi dzina lenilenilo. Dzina lowerengedwa m'fayilo yolembedwa pa Windows limathera ndi `\r\n`, ndipo `chomp` pa Linux imachotsa `\n` yokha. Ka `\r` kotsalako sikaoneka ndi maso, ndiye munthu amatha tsiku akuyang'ana dzina looneka lolondola. Gwiritsani ntchito `s/\r?\n\z//`. Zilembo nazo: APFS ya macOS ndi NTFS ya Windows, mmene zimabwerera, sizisiyanitsa `Data.txt` ndi `data.txt`, koma ext4 ya Linux imasiyanitsa.

Za `-r`, `-w` ndi `-x`, dziwani kuti zimangowerenga zilolezo zochokera ku `stat`. Sizidziwa za ACL (mndandanda wa zilolezo zoonjezera) kapena disiki yotsekulidwa kuti iziwerengedwa kokha. `use filetest 'access';` imazichititsa kufunsa makinawo mwachindunji. Kwa root `-r` ndi `-w` nthawi zonse zimati inde, ndipo pa Windows `-x` imangoona mapeto a dzina, monga .exe kapena .bat.

Ngati cholinga chanu n'kuwerenga fayilo, musayeze n'komwe. Itseguleni ndi `open`, muone `$!` ikakana, pakuti pakati pa kuyeza ndi kutsegula pulogalamu ina ikhoza kuichotsa. Zikakanikabe, pa Linux `strace -e trace=file perl script.pl` idzakuonetsani dzina lenileni limene lapita ku kernel ndi errno imene yabwerako. Pa Windows sindikizaninso `$^E`, imene imapereka uthenga wa Windows weniweni umene `$!` imangoufupikitsa.