Momwe mungakonzere macheza a asodzi ndi akatswiri a za nyanja

Ku Monkey Bay kuli ofesi ya boma yofufuza za nsomba, ku Mpwepwe kuli sukulu ya zausodzi, ndipo ku LUANAR ndi ku Mzuzu University kuli aphunzitsi amene ntchito yawo ndi nyanja yathuyi. Zomwe amapeza zimafunika kufika padoko, kwa anthu okoka ukonde. Kuwakumanitsa sikulira ndalama zambiri.

Choyamba, kagwadeni kwa amfumu, kenako mukaonane ndi komiti ya padoko, ija timati BVC. Makomitiwa anayambira ku Malombe mu 1993, nsomba zitachepa kwambiri m'nyanjamo. Mukawalumpha, mudzakhala nokha ndi mipando.

Chachiwiri, sankhani mutu umodzi. Ine ndimakonda kuyamba ndi chambo, chifukwa nkhani yotseka nyanja mu Novembala ndi imene imawawa mitima. Msodzi akangouzidwa kuti "ndi lamulo", amang'ung'udza. Koma muonetseni kuti chambo chachikazi chimafungatira mazira ndi tiana take m'kamwa, ndipo khoka likachikokera kumtunda chimalavula zonse pamchenga. Akaona zimenezi amayamba kuwerenga yekha nsomba zimene zatayika. Mutu wa likodzo nawo ndi wabwino: ofufuza ku Chembe, ku Cape Maclear, anaona kuti nsomba zodya nkhono zikachepa, nkhono zofalitsa matendawa zimachuluka.

Chachitatu, lembani kalata yoitana katswiri kudzera ku ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu. Nenani mutu, malo, ndi kuti zonse zidzakambidwa m'Chichewa, Chiyao kapena Chitonga, malinga ndi dera.

Posankha tsiku, yang'anani kumwamba. Ogwira usipa ndi ukonde wa chilimira amadalira nyali mumdima, choncho mwezi ukawala ambiri amakhala kumtunda. Masiku amenewo ndiwo abwino, ndipo msonkhano ukhale masana, anthu atapumula. Musaiwale amayi oyanika usipa pamathandala. Iwo ndi amene amayamba kuona nsomba zikuchepa msinkhu, pakuti zimadutsa m'manja mwawo tsiku ndi tsiku.

Mlendoyo mumuuziretu kuti asabwere ndi mapepala okhaokha. Abwere ndi zogwirika: beseni la madzi muli nsomba, rula yoyezera, chidutswa cha ukonde wololedwa ndi china cha neti ya udzudzu. Anthu apisemo chala, aone okha kusiyana kwa maso ake. Alankhule mphindi 20 basi.

Nthawi yotsalayo ikhale ya eni doko, ndipo apa ndi pamene pagona phindu. Itanani gogo amene anaona nsomba ya ntchila isanasowe afotokoze mitsinje imene inkakwera mvula ikagwa. Wina anene momwe mwera umasinthira malo a usipa. Katswiri wanzeru amatulutsa kope n'kulemba. Ngati n'kotheka, mubweretsenso munthu wa ku Mbenji, ku Salima, kumene amfumu a Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka chilumba chaka chilichonse kuyambira m'ma 1950, popanda kudikira boma.

Padzatuluka mafunso ena ovuta, monga a matrola, maboti akuluakulu okoka ukonde, olowa m'madzi osaya. Musawatsekereze. Mlembi wa BVC awalembe onse, ndipo mlendo asanakwere galimoto mugwirizane tsiku limene adzabwere ndi mayankho.