Momwe wosewera kiriketi angakhalire mphunzitsi, kenako mtsogoleri wa masewerowa

Wosewera kiriketi amene akufuna kudzakhalabe m'masewerowa mawondo akadzatopa ayenera kuyamba kuphunzitsa ena akadali pabwalo, osadikira tsiku lopuma. Umu ndi momwe anachitira Clyde Walcott wa ku Barbados, yemwe anasewerera timu ya West Indies (ya mayiko a ku Caribbean) masewero 44 a Test (masewero a pakati pa mayiko otenga masiku angapo) pakati pa 1948 ndi 1960. M'chaka cha 1954, dzina lake likadali pakamwa pa aliyense, iye anasamukira ku British Guiana, komwe lero ndi Guyana, kukatukula kiriketi m'minda ya nzimbe.

Choncho pitani kumene osankha osewera safikako kawirikawiri, chifukwa luso limabisala kumeneko. Ku Port Mourant, m'chigawo cha Berbice ku Guyana komweko, n'kumene kunachokera Rohan Kanhai, Basil Butcher ndi Joe Solomon, ndipo onse atatu analowa mu timu ya West Indies Walcott akugwira ntchito m'dzikomo.

Mukafika, musathamangire kukonza kamenyedwe ka anyamata. Yambani ndi bwalo: tchetchani udzu, thirirani ndi kusalaza kachigawo kapakati pomwe mpira umanjanja, pezani mipira, ndipo konzani ndandanda yoti matimu azikumana pafupipafupi. Kenako imani pambali masiku angapo mukuyang'ana mapazi ndi mutu wa womenya mpira. Ngati mutu wake sukugwedezeka ndipo mpira akuuona bwino, msiyeni agwire chomenyera momwe anazolowerera, ngakhale kagwiridweko kakuoneka kachilendo, pakuti aphunzitsi ambiri amaononga ana pofuna kuti onse afanane.

Mukakhazikika, vomerani ntchito zimene osewera otchuka amazithawa, monga kusankha timu ndi kuiyang'anira paulendo. Kusiya mnzanu wakale pamndandanda kumawawa, koma muuzeni nokha pamaso asanamve pawailesi. Walcott anakhala wapampando wa osankha osewera, ndipo ndiye ankayang'anira timu ya West Indies pamene inatenga chikho cha dziko lonse mu 1975 ndi mu 1979.

Za mu ofesi ziphunzireni mukadali mu komiti ya kalabu: kulemba zokambirana pamsonkhano, kusunga malisiti, ndi kuwerenga malamulo a bungwe musanatsutse munthu. Walcott anakhala pulezidenti wa bungwe la kiriketi la West Indies mu 1988, patatha zaka 28 chisiyireni masewero a Test, ndipo mu 1993 anasankhidwa kukhala wapampando wa ICC (bungwe loyang'anira kiriketi padziko lonse), munthu woyamba wosachokera ku Britain kukhala paudindowo.