Mwana akamagubuduka pansi kulirira switi

Mwana wa zaka 2 mpaka 4 akayamba kugubuduka pagolosale chifukwa mwamukaniza switi, musamugulire. Mukagula lero, mawa adzalira kuposa apo, poti waona kuti misozi imagula zinthu. Kumukwapula nako sikuthandiza, amangoopa dzanja lanu osadziwa chimene walakwa.

Gwadani muyang'anizane naye, munene mawu ochepa: "Lero ayi." Munyamuleni mupite naye pambali mpaka atonthole. Zikachitikira kunyumba, mukhazikeni pamphasa payekha koma mukumuona, mphindi imodzi pa chaka chilichonse cha msinkhu wake. Wa zaka 3, mphindi 3 basi.

Chimene chimaononga zonsezi ndi agogo kapena bambo ake kupereka switi yomwe mayi akaniza kale, ndiye akuluakulu gwirizanani kaye. Komanso mudyetseni phala musananyamuke, chifukwa njala ndi tulo ndizo zimautsa kulira kotereku nthawi zambiri.