Kugonetsa makanda masana mukamalera ana a anthu pakhomo panu

Mwafunsa kuti mungagonetse bwanji makanda pamene kholo lililonse lili ndi zofuna zake.

Yambani ndi kufunsa makolo tsiku loyamba: mwana amagona nthawi yanji, ndipo tulo timamupeza akuyamwa, ali m'manja kapena akuimbiridwa? Lembani zonse. Sabata yoyamba tsatirani zomwezo. Kenako sunthani nthawi yogona pang'onopang'ono kuti igwirizane ndi ndondomeko ya pakhomo panu, mphindi 15 patsiku, makolo akudziwa.

Khanda la miyezi 4 mpaka 6 nthawi zambiri limatopa likakhala maso maola awiri. Likayamba kuyasamula ndi kutikita m'maso, musachedwe, chifukwa likatopa mopitirira limangolira osagona. Lisintheni thewera, tsekani makatani, kenako ligonekeni lisanagoneretu.

Koma pali zina zosagonjera, kholo lichonderere chotani. Mwana wosakwana chaka agone chagada, yekha, pamatiresi olimba, popanda pilo, zidole kapena bulangete lotayirira. Kholo likati "kunyumba amagona chafufumimba," yankhani mwaulemu kuti zimenezo zifunika kalata ya dokotala. Muzimusuzumira mphindi 10 mpaka 15 zilizonse, muone kachifuwa kakukwera ndi kutsika.

Madzulo uzani kholo nthawi yeniyeni imene wagona ndi kudzuka.