Momwe banja lingayendetsere jimu ya frenchaizi popanda kudana

Nthambi zambiri za jimu zotchuka kunja, monga Anytime Fitness, Snap Fitness ndi Curves, si za kampani mwini dzina. Eni ake ndi anthu wamba amene analipira kuti agwiritse ntchito dzinalo, makina ake ndi kachitidwe kake. Frenchaizi ndi imeneyo. Mabanja si alendo pa bizinesi ya jimu: Curves anaiyambitsa ndi Gary ndi Diane Heavin, mwamuna ndi mkazi wake, ku Harlingen m'chigawo cha Texas mu 1992, ndipo chaka chomwecho anyamata apachibale, Michael ndi Marc Grondahl, anayamba kuyendetsa jimu ya ku Dover ku New Hampshire imene inadzakhala Planet Fitness ya ku America. Ngati kwanu nkhaniyi ikukambidwa, kaya muli ku Lilongwe, ku Joni kapena ku Manchester, yendani motere.

Choyamba, khalani pansi nokhanokha musanalembere kampani iliyonse. Funso ndi lakuti: akuika ndalama ndani, akugwira ntchito ndani, ndipo pakavuta mawu omaliza ndi a ndani? Achimwene ali kunja akatumiza mpamba, mumtima mwawo jimu ndi yawo. Achemwali amene amadzuka 4 koloko m'mawa kukatsegula geti nawo amati ndi yawo. Onse akunena zoona, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Siyanitsani zinthu ziwiri papepala. Woika ndalama alandire masheya, wogwira ntchito alandire malipiro pa mwezi, ndipo amene akuchita zonse ziwiri alandire zonse ziwiri. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, komabe lembani zimene zidzachitike wina akamwalira, ukwati ukatha, kapena wina akafuna kutuluka. Ku Malawi lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa malemu, koma makina othamangirapo sagawika ngati mbuzi, choncho aliyense wa masheya alembe wilo yake.

Chachiwiri ndi kuwerenga mgwirizano wa kampaniyo, ndipo apa musathamange. Ndalama zolipira zimakhala zamitundu itatu: yolowera imene mumalipira kamodzi, ya mwezi ndi mwezi yogwiritsira ntchito dzina, ndi ya thumba lotsatsira malonda. Makampani amasiyana kawerengedwe. Planet Fitness ya ku America imatenga 7 peresenti ya ndalama zimene mamembala amalipira pa mwezi, pamene Anytime Fitness inadziwika ndi mtengo wokhazikika wa pa mwezi, mamembala achuluke kapena achepe. Mtengo wokhazikika umakoma jimu ikadzaza, koma umawawa mwezi umene anthu athawa.

Kwa amene ali ku Malawi, funsani msanga kuti mudzalipira m'ndalama yanji. Mamembala anu adzakupatsani makwacha, kampani idzafuna madola. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Munthu amene anali ndi ngongole ya madola anagona ndi bilu ina n'kudzuka ndi ina, mamembala ali omwewo. Onjezani apo kudikira madola ku banki. Dziwaninso kuti makampani ambiri akuluakulu akamalowa m'dziko latsopano amafuna munthu wogula ufulu wa dziko lonse n'kulonjeza kutsegula nthambi zingapo. Kwa banja la mpamba wochepa, ine ndinganene kuti masamu akakana pano, tsegulani jimu ya dzina lanu, mungobwereka mwambo wa frenchaizi wolemba chilichonse. Palibe manyazi pamenepo.

Amene ali ku South Africa lamulo likuwateteza pang'ono. Consumer Protection Act ya 2008 ndi malamulo ake imati kampani ikupatseni chikalata choulula za bizinesi yake masiku 14 musanasaine, ndipo mukasaina muli ndi masiku 10 ogwira ntchito oti mutha kulemba kalata yosintha maganizo osalipira chindapusa. Masiku amenewo agwiritseni ntchito poimbira foni anthu amene ali kale ndi nthambi, makamaka amene anatseka. Curves inakula kwambiri m'zaka za m'ma 2000 mpaka kufika pa nthambi pafupifupi 10,000, kenako zambiri zinatsekedwa. Dzina lalikulu sililipira lenti.

Loya wanu, osati wa kampaniyo, akuonetseni ndime zinayi: dera limene kampani singatsegulemo nthambi ina pafupi nanu, zaka za mgwirizano, nthawi imene mudzakakamizidwe kugula makina atsopano, ndi chikole. Ndime ya chikoleyo ndiyo imagwetsa mabanja. Mukasainira kuti ngongole za jimu mudzabweza inuyo panokha, nyumba ya amayi imene munakaikiza ku banki yalowa m'bizinesi ngakhale iwo sanapondeko m'jimumo.

Chachitatu, mapepala a boma. Ku Malawi lembetsani kampani ku ofesi ya boma yolembetsa makampani, tengani nambala ya msonkho ku MRA, ndi laisensi ya bizinesi ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma lanu. Poti jimu siyenda popanda nyimbo, pitaninso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Antchito, ngakhale akhale ana a mlongo wanu, akhale ndi kalata ya ntchito ndi penshoni: bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti.

Chachinayi, malo. Osakaona nyumbayo masana. Pitani 5 koloko m'mawa ndiponso 6 koloko madzulo, nthawi imene jimu imadzaza. Kodi mayi angatsike galimoto kapena kabaza n'kufika pakhomo mopanda mantha kuli mdima? Magalimoto khumi angaime pati? Tsegulani mpopi wa ku bafa muone ngati madzi akutuluka mwamphamvu, ndipo ngati chipindacho chili pamwamba, funsani katswiri wa zomangamanga ngati simenti ingapirire zitsulo zogwa tsiku ndi tsiku, komanso ganizirani wa shopu ya pansi amene adzamva kugunda konseko. Magetsi a ESCOM akathima, makina othamangirapo amaima, koma zitsulo, njinga zopalasa ndi aerobics zimapitirira bola pali kuwala ndi sipika. Choncho sola ndi mabatire zikwanire magetsi owunikira, mafani ndi nyimbo, jenereta ikhale ya makina akuluakuluwo. Ndipo musanagule makina aliwonse, dziwani amene adzawakonze lamba akaduka.

Chachisanu, ndalama zisadutse m'thumba la munthu. Mamembala alipire ku banki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba ya kampani, osati pa nambala ya mlamu amene ali pa kauntala tsikulo. Wolandira ndalama asakhale yemweyo wowerengera mabuku. Mwezi ukatha, lipirani motsatana chonchi: antchito, lenti, kampani ya frenchaizi, msonkho, thumba lokonzera makina, ndipo zotsalazo ndizo phindu. Maliro adzagwa, fizi idzafunika, ndipo maso onse adzayang'ana ku jimu. Gwirizanani lero kuti thandizo la pachibale lizichokera pa phindu la munthu aliyense akagawana. Nkhani ya abale olowa ulere nayo ikhale ndi nambala: mayina angati, ndipo alembedwe. Mukapanda kutero, madzulo ena mudzapeza asuweni anayi atazungulira benchi, wolipira ataima pambali ndi thaulo paphewa.

Wophunzitsa masewero asasankhidwe chifukwa ali ndi minofu kapena ndi mwana wa malume. Akhale wophunzira ntchitoyo, wodziwa thandizo loyamba, ndipo membala watsopano aliyense afunsidwe za BP, shuga ndi mtima asanakhudze chitsulo. Inshuwalansi yoteteza ngozi za mamembala musaisiye.

Chachisanu ndi chimodzi, sungani anthu amene mwawapeza. Yambani kugulitsa umembala musanatsegule, kuti lenti yoyamba isadye mpamba. Mu Januwale anthu amabwera ambiri ndi malonjezo a chaka chatsopano, koma kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukafika, bulangeti limapambana. Mmodzi wa m'banjamo apatsidwe ntchito yoona kaundula Lolemba lililonse ndi kutumiza uthenga pa WhatsApp kwa aliyense amene wasowa masabata awiri, pomutchula dzina. Apa ndi pamene banja limaposa manijala wolembedwa ntchito, chifukwa nkhope za pa kauntala sizisinthasintha.

Pomaliza, konzani potulukira. Migwirizano yambiri ya frenchaizi salola kugulitsa nthambi kapena kuisiyira mwana popanda chilolezo cha kampani, ndipo wolowa m'malo amayenera kuchita maphunziro awo ndi kulipira ndalama yosinthira umwini. Ngati mukufuna kuti mwana wanu adzatenge jimuyo, funsani kampani ilembe mfundo zake mumgwirizano woyamba, ndipo mwanayo ayambe kugwira ntchito pa kauntala mudakali ndi mphamvu.