Kugula ndi kudzutsa Land Rover kapena Land Cruiser yakale kuno ku Mangochi

Galimoto zakale zokoka ndi matayala onse anayi sizinathe m'boma lino. Zina zagona pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Zina zili m'maesiteti a cha ku Namwera ndi m'mabwalo a mishoni, ndipo zochepa zikunyamulabe nsomba ndi anthu pa msewu wa ku Makanjira. Wofuna kugula imodzi kuti aidzutse ayambe wamva ichi: ndalama zanu zikugula mapepala ndi chasisi. Injini imakonzeka, penti imapakidwa tsiku lililonse, koma galimoto yopanda mapepala kapena yowola chasisi idzakudyerani ndalama osayenda n'kamodzi komwe.

Dziwani kaye chimene mukuyang'ana. Land Rover inayamba kupangidwa mu 1948, koma zimene mungazipeze kawirikawiri ndi Series IIA, ya 1961 mpaka 1971, ndi Series III, ya 1971 mpaka 1985. Yaifupi amaitcha 88, yaitali 109, kutengera mainchesi a pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Zambiri zili ndi injini ya masilinda anayi ya malita 2.25, ya petulo kapena ya dizilo. Land Cruiser ya mtundu wa 40 inapangidwa kuyambira 1960 mpaka 1984: FJ40 ndi ya petulo ya masilinda asanu ndi imodzi, BJ40 ndi ya dizilo ya malita 3, ndipo HJ45 ndi HJ47 ndi zazitali za dizilo. FJ40 ndi yamphamvu, koma imamwa petulo mosanyengerera. Ngati mukufuna galimoto yogwira ntchito tsiku ndi tsiku, sakani ya dizilo.

Za asilikali ndi nkhani ina. Land Rover yotchedwa Lightweight, imene inapangidwira asilikali a ku Britain kuyambira 1968, ili ndi injini ndi giyabokosi zofanana ndi za wamba, choncho zitsulo zake sizivuta kwenikweni. Chovuta ndi magetsi. Zimene zinkanyamula wailesi za asilikali ndi za mavoti 24, mabatire awiri, mapulagi ndi distributor zotsekedwa mwapadera, ndipo zinthu zimenezi simungazipeze m'mashopu a ku Limbe. Ambiri amazisintha kukhala za mavoti 12. Mukatero musataye zimene mwachotsa, chifukwa wogula wokonda zakale adzazifunsa. Willys MB ndi Ford GPW za pakati pa 1941 ndi 1945 n'zosowa kwambiri kuno, za mavoti 6 ndiponso chiwongolero chili kumanzere. Wina akakuuzani kuti ali nayo, onani nambala zake musanasangalale. Ndipo galimoto iliyonse yochokera ku usilikali muifufute zizindikiro ndi manambala a gulu musanaitulutse pamsewu.

Mapepala musanagwire sipanala

Pemphani blue book, ndipo dzina lili m'menemo likhale la munthu amene mukukambirana nayeyo, atagwira chiphaso chake cha unzika. Galimoto zakalezi zambiri ndi chuma cha masiye. Akakuuzani kuti "inali ya malemu bambo athu", musapereke ndalama kwa mwana mmodzi. Akhalepo oyang'anira chuma cha malemuwo ndi kalata zawo, mboni zisaine. Kupanda kutero mudzakonza galimoto miyezi isanu ndi itatu, kenaka atsibweni atulukira kudzaitenga.

Nambala ya chasisi ya m'buku ifanane ndi yodindidwa pachitsulo, osati ya pa kachipepala ka aluminiyamu kokha, chifukwa kameneko kamasunthika ndi marivetsi anayi basi. Pa Land Rover nambalayi ili kutsogolo kumanja, pa chitsulo chogwira sipuling'i. Pa Land Cruiser ili pa mtanda wa chasisi wa kumanja, cha kutsogolo. Palani ndi burashi ya waya. Mukaona pamalopo pali chigamba chowotcherera kapena papalidwa ndi girayinda, nyamukani. Yerekezaninso nambala ya injini. Ngati galimotoyo inali ya mishoni, ya bungwe kapena ya boma, mwina inalowa m'dziko osalipira msonkho, ndiye funsani ku MRA ngati msonkhowo unathetsedwa pamene inkagulitsidwa. Kapimitseni kupolisi kuti si yobedwa, ndipo kusintha umwini ku Road Traffic mupite nokha ndi wogulitsayo, osatuma dobadoba.

Lowani pansi

Pitani m'mawa, mutavala zoti zide, mutanyamula tochi, kanyundo, sukuludilaiva yaikulu, maginito ndi jeke. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu ndipo silichita dzimbiri, n'chifukwa chake limapusitsa anthu. Chasisi ndi khoma la pakati pa injini ndi mapazi anu, lija amati bulkhead, n'zachitsulo wamba, ndipo chasisiyo ndi yamphako. Matope a m'madambo ndi mchenga wonyowa wa kunyanja zimalowa mkati, timabowo totulutsira madzi timatsekeka, chitsulo n'kuyamba kuwola kuchokera mkati. Kunja kumaoneka bwino mpaka tsiku limene sipuling'i idzathothoka.

Gogodani mtanda uliwonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka kunsi kwake. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwee. Chowola chimangoti phu, ndipo mumamva zinyenyeswa zikugwa mkati. Pomwe mwakayika, bayani ndi sukuludilaiva mwamphamvu, mwini wake akuona. Malo oyamba kuwola ndi mtanda wakumbuyo pokokera ngolo, timikono totuluka m'mbali tonyamula bulkhead ndi thanki, pomangirira masipuling'i, ndi nsonga ziwiri zakutsogolo zogwira bampala. Phula lakuda lopakidwa chatsopano pansi pa galimoto yogona zaka zambiri likubisa kanthu. Kenaka chotsani mphasa za pamapazi, muone pansi pa mapedulo, m'munsi mwa mizati ya zitseko ndi m'makona a pansi pa galasi lakutsogolo. Bulkhead ndi imene imagwira chiwongolero, mapedulo ndi zitseko, ndipo kuikonza bwino kumafuna kuphwasula theka la galimoto.

Mtanda wakumbuyo ndi timikono tiwiri towola si chifukwa chothawira; zimenezo zimadulidwa n'kuikapo zina, ingotsitsani mtengo. Koma mitanda iwiri yaitali ikawola pakati, kapena galimoto ikaoneka yopendekeka mutaima kumbuyo kwake, imeneyo ndi yophwasula zitsulo basi.

Land Cruiser imawola mosiyana. Chasisi yake nthawi zambiri imapirira, koma thupi ndi lachitsulo: onani pansi pa mapazi, makona akumbuyo, chitsulo cha pansi pa chitseko chakumbuyo ndi ngalande ya denga. Yendetsani maginito m'mbali monse. Pomwe sakugwira pali puti wokhuthala.

Mukadali pansipo, kwezani tayala lakutsogolo ndi jeke, muligwire pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamagwedera, wina aponde buleki. Kugwedera kukatha ndi mabering'i a tayala; kukapitirira ndi mapini a swivel, pamene tayala limatembenukira pokhota. Yang'anani mipira yonyezimira ya kuseri kwa matayalawo: ikakhala ndi zipsera za dzimbiri imang'amba silo iliyonse yatsopano (labala yotsekera oyilo), ndipo oyilo sadzasiya kuchucha mpaka mutasintha mpirawo.

Kudzutsa injini yogona

Musalole kuti angoikamo batire n'kuliza. Chotsani mapulagi, kapena ma glow plug ngati ndi ya dizilo, muthire masupuni awiri a oyilo wosakaniza ndi dizilo m'silinda iliyonse, mudikire masiku awiri kapena atatu. Kenaka tembenuzani injini ndi dzanja. Land Rover ili ndi chogwirira chake cholowera pa bowo la bampala. Ikakana musaikakamize ndi kukoka galimoto, mudzathyola maring'i. Khuthulani oyilo wakale mukumuyang'ana: akatuluka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa, mwina gasiketi ya hedi yapsa kapena hedi yang'aluka. Ikani sefa yatsopano ndi oyilo wa 20W50, pafupifupi malita 7 pa injini ya 2.25. Mafuta a m'thanki musawakhulupirire. Kokani paipi kuchokera m'kachigubu koyera. Tsegulani sefa ya mpweya, chifukwa makoswe ndi mavu amamangamo, ndipo onani mawaya amene makoswewo atafuna. Land Rover za chaka cha 1967 chisanafike zinali ndi positive ku chasisi, ndiye tsimikizani musanalumikize batire. Zungulitsani ndi sitata mapulagi asanabwerere mpaka nyale ya oyilo izime, kenaka muilize.

Pa injini ya 2.25, mpata wa mavavu onse ndi 0.25 mm, mapointi a mu distributor ya injini ya petulo pafupifupi 0.4 mm, ndipo moto umayenda 1, 3, 4, 2. Pimani compression, mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda: masilinda asasiyane kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Utsi wabuluu wosatha ndi oyilo akupsa. Wakuda pa dizilo ndi ma injector kapena sefa yotsekeka. Woyera wosaleka injini itatentha, madzi akuchepa mu rediyeta, ndi hedi.

Ngati galimoto ikuyenda ndipo mabuleki akugwira, kaiyeseni pa chitunda. Wolokani mlatho wa Bakili Muluzi mulowere msewu wokwera ku Namwera. Pokwera yang'anani singano ya kutentha ndi kumva ngati kilatchi ikuterera. Potsika chotsani phazi pa mafuta muli m'giya yachiwiri, kenaka yachitatu. Giya ikadumpha yokha, giyabokosi ikufuna kutsegula. Series IIA ilibe synchro (chothandiza giya kulowa mosakukuta) pa giya yoyamba ndi yachiwiri, choncho kukukuta pang'ono pamenepo si matenda, imafuna kuponda kilatchi kawiri. Pa dothi, ngati ndi Land Rover, dinikizani ndodo ya mutu wachikasu kuti matayala onse akoke, kenaka imani mukokere kumbuyo ya mutu wofiira kuti mulowe giya yamphamvu. Pa tala musayende matayala onse akukoka. Galimotozi zilibe difu yapakati, zitsulo zimapotana, ndipo half shaft yakumbuyo ya Land Rover yaifupi, chitsulo chotembenuza tayala kuchokera ku difu, imaduka msanga.

Ndondomeko yokonzera

Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri n'kuyamba ndi penti ndi mipando. Yambani ndi chasisi. Jambulani zithunzi musanamasule chilichonse, mabawuti muwaike m'timapepala tolemba, ndipo gulani masipanala a mainchesi, chifukwa a mamilimita amakumbudzula mitu ya mabawuti a Land Rover. Musanawotcherere chotsani batire, mawaya a alternator ndi thanki. Pa 88 thankiyo ili pansi pa mpando wa dalaivala penipeni. Wowotcherera adule chowola chonse mpaka pa chitsulo chowala, alowetse chigamba cha 2 mm kapena 3 mm cholingana ndi bowolo. Kuphimba dzimbiri ndi chigamba pamwamba kumangosunga madzi pakati. Posintha mtanda wakumbuyo pimani mopingasa, kona ndi kona, mbali zonse ziwiri zifanane musanamalize kuwotcherera. Pakani red oxide ndi penti yakuda, tsegulani timabowo ta madzi, ndipo mkati mupoperemo oyilo wokhuthala. Paliponse pomwe aluminiyamu akukhudza chitsulo ikani kalabala kapena penti pakati, apo ayi aluminiyamuyo amasanduka ufa woyera.

Kachiwiri mabuleki, ndipo apa musaumire. Zambiri mwa galimotozi zili ndi njira imodzi ya mafuta a mabuleki: paipi imodzi ikaphulika, matayala onse anayi asiya kugwira. Sinthani mapaipi onse, a labala ndi achitsulo, masilinda a m'matayala ndi master cylinder, muthire mafuta a mabuleki a DOT 4 atsopano. Nsapato za buleki zonyowa ndi oyilo sizichapika ndi petulo, n'zotaya. Funsaninso chifukwa chake zinanyowa. Pamwamba pa ekiselo pali kabowo kopumira. Kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umakankha oyilo kudutsa silo mpaka m'dilamu. Katsukeni, apo ayi silo yatsopano idzachuchanso. Mabuleki akutsogolo a 109 amavuta kuchotsa mpweya. Bwezani nsapato mkati ndi ma adjuster musanayambe kupopa.

M'giyabokosi, mu transfer box (kabokosi kogawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo), m'madifu ndi m'ma swivel a Land Rover mumalowa oyilo wa EP90, ndipo wa m'giyabokosi akhale GL4, chifukwa muli zitsulo za mkuwa. Musanamasule bawuti yokhuthulira, yambani mwaona kuti yothirira ikumasuka.

Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala sikukhululukira rediyeta yotsekeka theka. Ipititseni akaitsegule ndi kuitsuka, kapena aikemo pakati patsopano. Sinthani mapaipi a madzi, lamba wa fani, chivindikiro ndi tizitsekero ta m'mbali mwa injini, timene timawola mkati. Thermostat musaichotse monga amachitira ena. Ikani ya madigiri 74. Madzi a pamjigo ena ali ndi mchere umene umatseka timipata ta rediyeta, choncho thirani a mvula osefa osakaniza ndi coolant.

Mawaya ouma ndi olumikiza ndi mapepala apulasitiki achotseni onse, muyale atsopano okhala ndi mafyuzi. Penti ibwere pomaliza, ndipo aluminiyamu amafuna penti yoyambira yotchedwa etch primer, apo ayi pentiyo imasupuka. Pomenya chopindika, pakani sopo kuseri, mutenthe mpaka sopoyo ade, mulole kuzizira. Aluminiyamu amafewa ndipo sang'ambika. Ngati galimoto ili ndi penti yake yoyamba yongofwifwa, ganizani kawiri musanaifute, chifukwa osonkhanitsa zakale ambiri amaikonda choncho.

Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi, 7.50 x 16 pa 109. Pa mchenga wa kunyanja phwetsani mpaka cha m'ma 1.5 bar, ndipo mupopenso mukangobwerera pa tala. Mukatenga inshuwalansi ndi COF, yendani maulendo aafupi kaye, ku Malindi kapena ku Monkey Bay n'kubwerera. Mukakwanitsa makilomita 500 sinthani oyilo wa injini ndi sefa, pimaninso mavavu, ndipo lowaninso pansi mukhwimitse ma U-bolt a masipuling'i, manati a matayala ndi mabawuti a propshaft.